Makandulo a paipi a nyumba ya mizukwa: momwe ntchito yayendera

Makandulo amene tikukonza ndi 48, ndipo palibe n'imodzi yomwe imene idzayake moto weniweni. Ndi a nyumba ya mizukwa ya Halloween mu holo ina kumpoto kwa England, Lachisanu pa 31 Okutobala 2025. Holoyo amaigawa tinjira topapatiza ndi nsalu zakuda, mumdima mumabisala anthu ovala zoopsa, ndipo ana ndi makolo awo amadutsamo kagulukagulu akukuwa. Nsalu, makatoni, thonje loyerekeza ukonde wa akangaude ndiponso zovala za anawo, zonsezi zimagwira moto msanga, choncho lawi lenileni ndi loletsedwa. Pa 11 Meyi 1984 moto unabuka m'nyumba yotereyi yotchedwa Haunted Castle ku paki ya zisangalalo ya Six Flags Great Adventure ku New Jersey m'dziko la America, achinyamata 8 n'kufera momwemo.

Makandulo 30 akhala pa matabwa 5, thabwa lililonse 6. Ena 6 ndi oima paokha pa alumali, ndipo 12 ndi olendewera m'mwamba. Ndalama imene yaikidwa ndi £120.

20 Sepitembala: kugula ndi kuyesa paipi

Thupi la kandulo ndi paipi yoyera ya madzi oipa a m'sinki, yotalika mamita 3. Ya 40 mm ndiyo yoyenera chifukwa tinyali ta LED togulagula, tija timafanana ndi tikandulo tating'ono ta m'chitini, timakhala pafupifupi 37 mm m'mimba mwake, ndiye timalowa bwino popanda kugwedera kwambiri.

M'mashopu a zomangira kuno muli mitundu iwiri ya paipi yotereyi, yoikidwa moyandikana, yofanana maonekedwe. Ina ndi yongolowetsana polumikiza, yopangidwa ndi pulasitiki ya polypropylene (PP). Inayo ndi yomata ndi guluu wa mapaipi, yopangidwa ndi pulasitiki ya PVC kapena ya ABS. Yoyambayo ndi yotsikirako mtengo, £4, ndipo ndi imene tinayesa poyamba. Guluu wotentha anagwira pongodontheza, koma atazizira ankasupuka yense ndi chikhadabo basi. Penti nayenso ankachoka pongokanda pang'ono. Polypropylene ndi pulasitiki yoterera mwachibadwa, ndipo kuikwecha ndi sandipepa kumangothandiza pang'ono. Paipiyo yaikidwa padera.

Podziwa mitundu iwiriyi m'shopu, werengani zolembedwa m'mbali mwa paipi. Pakalembedwa PP, isiyeni. Ya 40 mm yomata ndi guluu imakhala yonenepako pang'ono, 43 mm kunja kwake, ndipo mukaigogoda imalira mouma, pamene ya PP imamveka yofewa ndipo m'manja imaterera.

Tagula ziwiri za 40 mm pa £6 imodzi ndi imodzi ya 32 mm pa £5. Yopyapyalayo ndi ya makandulo ena a pa matabwa, amene salowamo kanyali kogula. Makandulo onse akakhala onenepa mofanana diso limazindikira msanga kuti ndi mapaipi. Sandipepa wa nambala 120 watenga £3.

27 Sepitembala: kudula

Pa thabwa lililonse pali makandulo a masentimita 8, 12, 15, 20, 25 ndi 30. Oima paokha ndi a masentimita 15. Zonse pamodzi ndi mamita 6.4.

Kudula ndi kwa sowo ya mano ang'onoang'ono yodulira zitsulo. Kunsi kwa kandulo kuyenera kukhala kowongoka kuti iime chilili. Kulungani pepala kuzungulira paipi mpaka m'mphepete mwake mukumane ndendende, jambulani mzere motsatira pepalalo, dulani mukuzungulitsa paipiyo pang'onopang'ono. Kumtunda n'kosiyana: kumafuna kupendekeka ndi mano osafanana, chifukwa kandulo yeniyeni yoyaka nthawi yaitali imadyeka mbali imodzi. Mukadula mopendekeka pakati pa chidutswa chachitali mumapeza nsonga ziwiri pa kudula kumodzi. Kenako dulani kampata kakuya sentimita imodzi mbali yotsikayo, ndipo m'menemo ndi momwe phula lidzaoneke ngati likutayikira.

Musayese kusungunula nsongazo ndi moto kapena chitsulo chotentha. PVC ikapsa imatulutsa utsi wa asidi wotsamwitsa, komanso imada n'kukhwinyata, siyenderera ngati phula.

Paipi yonse yakwechedwa ndi sandipepa mpaka kunyezimira kwake kutatha, makamaka pa zilembo zosindikizidwa. Zilembozi zikasiyidwa zimaonekera pansi pa penti woyera, ngakhale mutapaka kawiri. Ena amazifufuta ndi mankhwala otchedwa acetone, koma acetone amadya ABS, ndiye sandipepa ndi amene sakuwonongerani kanthu. Pomaliza pukutani fumbi ndi kansalu konyowa.

28 Sepitembala: pokhala nyali m'kati

M'kati mwa paipi mufunika kanthu kogwira nyali pafupi ndi kamwa. Njira imene ambiri amatchula ndi thovu lofufuma la m'chitini, lija amatsekera mipata ya mawindo. Chitini chimodzi chinali £7. Tinaliyesa pa makandulo anayi ndipo silinatikomere.

Thovuli limauma likakumana ndi chinyezi cha mumpweya. M'paipi yaitali mpweya sufika pakati, ndiye kumapeto konse kuwiri kunauma pamene pakati panakhala phala. Tsiku lotsatira linali likufufumabe, ndipo mu kandulo ya masentimita 25 linakankhira kanyali kunja. Kuwaza madzi pang'ono m'paipi musanapope kumathandiza, koma kutalika komwe thovulo lidzaimire simungakudziwe, ndipo likakugwerani pa chovala silichoka. Ndi chinthu choyaka mosavutanso.

Chimene chagwira ntchito ndi siponji yotuwa yokutira mapaipi a madzi kuti asaume ndi chisanu. Ya paipi ya 15 mm yochindikala 13 mm imakhala 41 mm kunja kwake, choncho imalowa mothina m'paipi ya 40 mm osafuna guluu. Yochindikala 9 mm imakhala 33 mm, yokwanira m'paipi ya 32 mm. Mumadula kachidutswa ka masentimita 4 ndi mpeni wa buledi n'kukakankhira m'kati mpaka pomwe mukufuna. Bowo la pakati ndi lodutsira waya. Siponji yonse yatenga £5. Musaimate ndi guluu wotentha, imasungunuka n'kutsala bowo.

4 Okutobala: madontho a phula

Apa ndi pamene kandulo imakhala kandulo kapena kukhalabe paipi, ndiye m'pofunika kudekha.

Guluu ndi timitengo ta 11 mm totalika masentimita 20. Kilogalamu imodzi imakhala ndi timitengo pafupifupi 50 ndipo inali £12. Kandulo yaifupi imadya kamtengo kamodzi ndi theka, yaitali timitengo titatu. Kilogalamu yoyamba inatha tili pakati, ndiye tinaonjezera ina: £24 pamodzi.

Glue gun, zida zosungunulira timitengoti, zilipo za mitundu iwiri. Yotentha pang'ono imafika cha m'ma 120°C, ndipo guluu wake amatuluka wokhuthala n'kuuma asanatsike, kusiya mizere yonenepa yofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Yotentha kwambiri imafika cha m'ma 190°C, guluu wake amayenderera yekha. Imeneyi ndiyo yofunika, koma iyenera kutentha mphindi 10 zathunthu musanayambe. Mukaithamangitsa ndi kufinya kosalekeza, guluu amatuluka asanasungunuke bwino ndipo madontho amaima panjira. Zikatero iikeni pansi mphindi ziwiri.

Kandulo iime chilili pa pepala losamata lophikira makeke. Ikani mlomo wa gun pa mkombero weniweni wa paipi, finyani mpaka guluu atadzikundika n'kuyamba kugwa yekha, kenako chotsani dzanja. Dontho lotsika lokha limapyapyala kumtunda n'kutupa kumapeto, monga phula lichitira. Mukalikoka ndi gun potsata paipi limakhala mzere wofanana ngati nyongolotsi, ndipo ngakhale mumdima limaoneka kuti ndi lojambula.

Kuzungulira koyamba ndi kwa madontho aatali, asanu kapena asanu ndi limodzi, osatalikirana mofanana. Siyani azizire mphindi zitatu mukuchita kandulo ina. Kuzungulira kwachiwiri kumadutsa pamwamba pa oyambawo, kwaufupi, kufika pakati pa kandulo. Kwachitatu ndi kwa timadontho ta masentimita awiri kapena atatu pakamwa pokha. Mukathira kachiwiri guluu woyamba asanazizire, zonse zimasungunukira pamodzi n'kutsetsereka ngati chimtanda chimodzi mpaka pansi. Makandulo awiri anatero, ndipo tinachita kuwasupula ndi mpeni n'kuyambiranso.

Mbali ya kampata kaja ndi imene iyenera kulemera. Pamenepo thirani kanayi kapena kasanu mpaka pakhale mtsinje wochindikala wofika pansi n'kupanga kadziwe pa pepalalo. Mbali yaitali ikhale ndi dontho limodzi kapena awiri, penanso popanda kanthu. Makandulo oyamba tinawadzaza madontho kuzungulira konse mofanana, ndipo ataikidwa pambali pa kandulo yeniyeni yoyaka theka anaoneka opitirira muyeso. Ndi bwino kukhala ndi kandulo yeniyeni yotsala pa tebulo pogwira ntchitoyi, yosayatsa, kungoiyang'ana.

Pali chinthu chimodzi chimene paipi singachite. Kandulo yeniyeni imawala m'kamwa mwake chifukwa kuwala kumadutsa m'phula, pamene PVC sidutsa kuwala. Guluu yekha ndi amene amadutsa kuwala, ndiye tamanga mpanda wa guluu pamwamba pa mkombero, mizere itatu kapena inayi yosanjikizana, kufika sentimita imodzi ndi theka. Mzere uliwonse uzizire musanaike wina, apo ayi mpandawo umagwera m'kati. Nyali ikayaka m'kati mwa mpanda umenewu, mutu wa kandulo umawala chikasu kuchokera m'kati.

Makandulo olowa kanyali kogula ayesedwe kamwa guluu asanaumitsitse. Dontho limodzi logwera m'kati limakwana kutseka njira. Tinaika kanyali kokulungidwa m'pepala lophikira makeke pakamwa pothira guluu, n'kukachotsa atazizira.

Timaulusi ta guluu totsalira timachoka ndi chowumitsira tsitsi: timafota tokha m'masekondi ochepa, koma musakhalitse pamalo amodzi. Guluu wa 190°C akagwera pa chala amamatirira n'kupitiriza kutentha. Beseni la madzi ozizira likhale pafupi, ndipo popsa paikidwe pa madzi ozizira a pa mpopi kwa mphindi 20. Ntchitoyi si ya ana.

8 Okutobala: penti woyamba

Penti wa acrylic sagwira bwino pa guluu kapena pa PVC popanda primer ya pulasitiki, penti woyamba wothandiza winayo kugwira. Zitini ziwiri zopopera, zoyera, zatenga £16. Mpanda wa guluu wa pamwamba uja taukuta ndi tepi ya pepala kuti penti asauphimbe.

Gulu loyamba linapoperedwa panja madzulo, kukuzizira ndiponso kuli chinyezi. M'mawa mwake linali likumatabe ndipo pena panali mawanga otuwa. Primer yopopera imafuna kutentha kopitirira 10°C ndi mpweya wouma, zimene m'Okutobala wa kuno zimapezeka masana okha, nthawi zinanso osapezeka. Gulu lachiwiri linapoperedwa masana m'galaja yotsekula chitseko, chitini chitayamba chakhala m'madzi ofunda mphindi 10, ndipo makandulo atalowetsedwa m'chipinda chofunda akangouma pamwamba. Amenewa anauma bwinobwino. Oyambawo anakhala masiku atatu pafupi ndi chotenthetsera nyumba asanasiye kumata.

Poperani mopyapyala kawiri, chitini chili masentimita 25 kuchoka pa kandulo. Kupopera kochindikala kumadzaza timipata ta pakati pa madontho, ndipo timipata timeneti ndi tomwe tidzagwire mtundu wakuda pambuyo pake. Siponji ya m'kati ichotsedwe kaye popopera.

11 Okutobala: mtundu ndi ukalamba

Penti wa acrylic mitundu itatu, woyera, yellow ochre (wachikasu) ndi raw umber (woderako), pamodzi £9. Mtundu wa thupi ndi magawo 10 a woyera pa gawo limodzi la ochre. Woyera yekha amawala kwambiri mumdima ndipo kandulo imaoneka yatsopano ya m'shopu.

Ukauma, pamabwera madzi akuda: gawo limodzi la raw umber, magawo 8 a madzi, ndi dontho limodzi la sopo wotsukira mbale. Popanda sopo madziwo amangopanga timikanda pa penti osalowa m'mipata. Pakani kandulo yonse ndi burashi yaikulu, dikirani theka la mphindi, pukutani pamwamba pa madontho ndi kansalu. Zakuda zimatsala m'makwinya ndipo dontho lililonse limaonekera palokha. Mukapaka penti wa pansi asanaume usiku wonse, kansalu kamachotsa zonse ziwiri.

Pa mpanda wa guluu, tepi itachotsedwa, pangopakidwa madzi a ochre opyapyala kwambiri kuti mtundu ulumikizane ndi thupi koma kuwala kudutsebe. M'kati mwa kamwa mwapakidwa woyera, pamodzi ndi pamwamba pa siponji, kuti kuwala kubwerere m'mwamba.

Vanishi ndi wosanyezimira, £8. Wonyezimira tinamuyesa pa kandulo imodzi, ndipo tochi itawalitsa inaoneka pulasitiki yeniyeni. Alendo ambiri amayatsa tochi za pa foni, ndiye zimenezi n'zofunika.

15 Okutobala: nyali

Tinyali togula timayendera batire la CR2032 la mavoti 3, laling'ono ngati khobidi. Pa makandulo 30 a pa matabwa zikanatanthauza kuzula kanyali kalikonse, kukayatsa kunsi n'kukabwezera, usiku uliwonse, mumdima. Palinso nkhani yoopsa kuposa pamenepo. Mwana akameza batire lotereli, limatha kuwotcha kummero m'kati mwa maola awiri okha. Matabwawo adzakhala pansi, pomwe manja a ana amafika. Choncho makandulo onse a pa matabwa ndi a mawaya, ndipo tinyali ta mabatire tili pa alumali aatali ndi m'mwamba mokha. Tasankhanso tokhala ndi kachitseko ka batire komangidwa ndi sikuluwu: 6 pa £4.

Timababu ta LED ta 5 mm tophethira tokha, tachikasu, 50 pa £6. M'kati mwa kababu kalikonse muli kachip kochititsa kuphethirako. Maresistor (tizipangizo tochepetsa magetsi olowa m'kababu) a 150 ohm £3, waya wopyapyala wofiira ndi wakuda £5, timachubu tofota tokutira polumikiza £3.

Kababu kalikonse kakhale ndi resistor yakeyake ku mwendo wautali, umene ndi wa positive, ndipo timababu tonse 6 tilumikizidwe chimodzimodzi ku mawaya awiri aakulu, osati motsatizana. Tinayesa resistor imodzi pa timababu titatu: kena kakathima, tinzake timawala mwadzidzidzi, ndipo kuphethira kumakhala kodumphadumpha ngati waya watayirira. Kalikonse ndi resistor yake, pa mavoti 5 kamakoka pafupifupi 13 mA.

Kababu kosakuta kamaponya kuwala m'mwamba ngati tochi. Kwecheni mutu wake ndi sandipepa mpaka uchite mbuu, thirani guluu wotentha pamenepo, dikirani masekondi ochepa, kenako kokerani gun m'mwamba pang'onopang'ono kuti pakhale nsonga ya masentimita awiri. Limenelo ndilo lawi. Miyendo ya kababu ikutidwe ndi kachubu kakuda, ndipo ikaonekera pang'ono pansi pa lawi imaoneka ngati chingwe chopsa cha kandulo. Tsinde la lawi likhale sentimita imodzi ndi theka pansi pa mkombero wa guluu, nsonga yokha ndiyo ituluke. Likatuluka lonse, munthu amaona pulasitiki m'malo mwa kuwala.

18 Okutobala: matabwa ndi magetsi

Matabwa ndi zotsala za pulayiwudi ya 12 mm, masentimita 30 ndi 20, zopakidwa zakuda. Pansi pa kandulo iliyonse pabooledwa bowo la 6 mm lodutsira waya, ndipo kunsi kwa thabwa kwakhomedwa timitengo tiwiri kuti mawaya asaphwanyike.

Kumata kandulo pa thabwa ndi guluu yekha sikukwanira. Ya masentimita 30 inathyoka patsinde itangogundidwa ndi chigongono. Tsopano pansi pa kandulo iliyonse pali kachidutswa ka mtengo wa tsache kotalika masentimita 4, komangidwa ndi sikuluwu kuchokera kunsi kwa thabwa ndi kokulungidwa tepi mpaka kathine m'paipi. Bowo la waya lili pambali pake, ndipo mtengowo wasemedwa mbali imodzi kuti waya adutse. Kandulo imavekedwa pamenepo, kenako guluu amathiridwa kuzungulira tsinde ngati phula lodikha, n'kupakidwa penti ndi burashi. Zazitali zikhale kumbuyo, zazifupi kutsogolo, zina zogundana, zina zotalikirana.

Magetsi tinkafuna achokere mu power bank, imodzi pa thabwa. Zinayaka bwino, koma pasanathe mphindi imodzi zinathima zokha. Power bank zambiri zimadzizimitsa zikaona kuti chinthu cholumikizidwa chikukoka magetsi ochepa, poganiza kuti foni yadzaza. Timababu 6 timakoka osapitirira 80 mA, ndipo pophethira timatsika kwambiri. Pa power bank zimene zinalipo, imodzi yokha ndi imene inakhalabe yoyaka.

Kukoka mawaya kuchokera ku soketi ya pakhoma sikungatheke m'kanjira ka mdima komwe anthu akuthamanga. Tagula timabokosi 5 ta mabatire atatu a AA, tokhala ndi swichi, pa £7, ndi mabatire 20 pa £8. Atatu amapereka mavoti 4.5. Kuwala kwatsika pang'ono, ndipo mumdima kukuoneka bwino kuposa poyamba. Thabwa loyesera layaka maola 12 osafooka. Kabokosi kamamatidwa kuseri kwa kandulo yaitali n'kuphimbidwa ndi kansalu kakuda.

22 Okutobala: olendewera

Paipi ndi yolemera moti siyenera kulendewera pamwamba pa mitu ya anthu. Amenewa ndi a timachubu ta katoni ta m'kati mwa mapepala opukutira kukhitchini. Guluu amagwira bwino pa katoni ndipo primer safunika, koma penti wamadzimadzi amafewetsa kachubu n'kuonetsa mzere wake wozungulira. Kukulunga kachubu ndi pepala loyera musanathire guluu kumabisa mzerewo. Kunsi kwatsekedwa ndi kakatoni kozungulira, poti munthu adzakuona ali pansi.

Tinyali ta amenewa ndi toyatsa ndi rimoti, 12 pa £13, chifukwa kukwera makwerero kukayatsa kamodzikamodzi si nzeru. Ulusi wa mbedza wa 0.25 mm, £3.

Kulendeweka koyamba, makandulo anapendekeka, ena mpaka kugona chammbali, chifukwa kulemera konse kuli kumutu komwe kuli batire. Ulusi udutse m'mabowo awiri oyang'anizana, sentimita imodzi pansi pa kamwa, ndipo kunsi m'kati mumatidwe khobidi la 2p. Atero, amaima mowongoka ndipo amangozungulira pang'ono ndi mphepo ya anthu odutsa. Ulusi womwewo ukadutsa pamwamba pa kanyali umakagwira kuti kasagwe.

Tinyali ta rimoti timadya batire ngakhale titathima, poti timakhala tikudikira rimotiyo. Tiwiri timene tinasiyidwa totsegula swichi kuyambira tsiku logula tinali titafooka kale. Swichi ya kunsi itsegulidwe tsiku lokweza. Mabatire apadera a CR2032 atenga £6.

26 Okutobala: kuyesa mu holo

Lamlunguli mawotchi abwerera m'mbuyo ola limodzi, monga zimachitikira kuno kumapeto kwa Okutobala, ndiye pofika 5 koloko kunja kunali kutada ndipo kuyesa kunatheka msanga.

M'chipinda chimodzi muli nyali ya UV. Guluu wosapakidwa penti anawala mtundu wa buluu, mitu ya makandulo n'kuoneka yachilendo, ndipo ulusi wa mbedza unaonekera wonse. Thabwa la m'chipindamo lapakidwa madzi a ochre kachiwiri pa mpanda wake, ndipo olendewera onse asamutsidwira ku kanjira kopanda UV. Kumeneko ulusi umangonyezimira tochi ikawalitsa. Kuukhwekhwereza pa cholembera chakuda kwathetsa zimenezo.

Olendewera amangidwa pa chingwe chokokedwa pakati pa makoma, kunsi kwawo kuli mamita 2.3 kuchoka pansi. Potsika kuposa apa, munthu wamtali kapena mwana wonyamulidwa paphewa amafikira. Rimoti siigwira kanyali kali m'kati mwa kachubu mukaloza muli pansi pake. Muyenera kuima patali pang'ono n'kuloza kudenga kuti kuwala kwake kubwerere.

Makandulo ndi okongoletsa chabe, saunikira njira. Matabwa 5 sakwanira kuti munthu aone popondapo. Nyali zobiriwira zosonyeza potulukira zasiyidwa poonekera, osaphimbidwa ndi nsalu, ndipo pa sitepe paikidwa nyali yakeyake. Makina otulutsa nkhungu achotsedwa pa dongosolo, chifukwa nkhunguyo imaliza alamu ya utsi, ndipo alamuyo siyenera kutsekedwa.

Matabwa amangidwa ku miyendo ya matebulo ndi ku zotchinga ndi timalamba ta pulasitiki. Limodzi losamanga linakankhidwa ndi phazi mpaka pakati pa kanjira poyeserera pomwepo.

1 Novembala: zimene zaonongeka ndi kasungidwe

Makandulo anayaka kuyambira 5 koloko mpaka 9 koloko. Pa matabwa panathima kandulo imodzi yokha, ndipo chinali cholumikizira cha resistor chimene chinaduka m'kati mwa kachubu thabwalo litapondedwa. Mawaya a kunsi afunika kumatidwa ku thabwa pafupi ndi bowo lililonse kuti kukoka kusafike powotcherera. Malawi atatu a guluu anathyoledwa ndi tizala, onse pa makandulo aafupi a kutsogolo, ndipo kukonza kwake ndi dontho limodzi la guluu. Penti wapalika pa madontho otuluka kwambiri a thabwa la pakhomo, lomwe linali la gulu lija la primer yopoperedwa m'chinyezi. Olendewera awiri anafooka cha m'ma 8 koloko. Makandulo a katoni onse 12 ali bwino, koma awiri a pafupi ndi chitseko chakunja afewa ndi chinyezi ndipo afunika vanishi m'kati momwe.

Ndalama yonse ndi £151, kupitirira ndi £31. Mwa £151 imeneyi, £11 inapita pa paipi ya PP ndi thovu, £12 pa kilogalamu yachiwiri ya guluu, ndipo timabokosi ta mabatire ndi mabatire ake sizinali pa dongosolo loyamba. Kandulo imodzi yatuluka pa £3 ndi pang'ono. Glue gun, chowotcherera mawaya, sowo ndi choboolera zinali zobwereka. Patsala paipi yoposa mamita awiri, timababu 20 ndi penti wochuluka.

Posunga, mabatire onse achotsedwa, chifukwa a AA akakhalitsa amatha kutuluka madzi n'kudya tizitsulo ta m'kabokosi. A CR2032 akutidwa ndi tepi mbali zonse ziwiri n'kutsekeredwa m'chitini, kutali ndi ana, ndipo otha akatayidwa m'mabokosi osonkhanitsira mabatire a m'masitolo. Makandulo asagundane m'katoni: kukatentha, vanishi wa pa guluu amamatirana ndipo polekanitsa penti amachoka. Pakati pawo paikidwa pepala lophikira makeke. Kudenga la nyumba si malo abwino, poti m'chilimwe kumatentha mpaka madontho kupindika, ndipo m'chisanu guluu amauma gwa n'kusupuka pa paipi akangogundidwa. Makatoni ali m'kabati ya m'kati mwa holo, matabwa ataimikidwa chilili, thabwa la pakhomo lili pamwamba chifukwa lifunika kukwechedwa ndi kupoperedwanso primer nyengo ikafunda.